Madzi ofunda m'bwato la pa Ruo

Musaseke, ine ndinakula ndikukhulupirira kuti mtsinje wa Ruo umafunda pakatikati. Tsiku lina ndili mwana, tikuwoloka kuchokera kwa Apwitikizi, bwato linadzaza, ndipo bambo anakhala moyang'anizana ndi apongozi awo. Chiyambire m'mawa anali asanapatukeko kutchire kukataya madzi chifukwa cha manyazi. Mwadzidzidzi ndinamva kufunda kumapazi.

"Amayi, madziwa akutentha."

Bambo anaweramitsa mutu. Amayi ananditsina, nayamba kukapa madziwo ndi chikho uku akukalipira wopalasa. "Achimwene, bwato lanuli likulowa madzi."

"Pepani mayi, n'lakale," anatero.

Nditakwatira, ndinasimbira nkhaniyi mkazi wanga, wobadwira padoko pomwepo. Usiku umenewo anati, "Inunso simunazindikirebe? Wopalasayo anali amalume anga. Kutacha anamata bwato labwinobwino anthu akuona, kuti bambo anu aziyenda momasuka."