Nduna ya ku Spain Yogulitsa Anyezi

Ndikukumbukira chaka chimene boma linasintha kwathu, ndili Sitandade 5 pasukulu ya mishoni ku Dowa. Zandibwerera sabata ino nditanyamula alendo a ku Spain kuchoka pahotela yathu ku Al Aziziya, kuno kudziko la eni kumene ndimagwira ntchito, kupita ku eyapoti. Ankayankhula mothamanga ngati mvula padenga la malata, ndipo ine m'makutu ndinkangomva Asisitere Inesi.

Bambo anga anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Akamadutsa pamsika, anthu ankavula zipewa. Zinthu zitatembenuka, anthu omwewo anayamba kuwakuwiza. Bambo anasiya kutuluka, n'kumangokhala kuseri kwa nkhokwe, ndevu zili nyankhalala. Ine kusukulu anandipatsa dzina loti Tcheya Wakugwa. Ndinayamba kujomba, n'kumabisala m'munda wa fodya wa eni ake mpaka belu lowerukira.

Asisitere Inesi anali nkhalamba yaifupi ya ku Spain, yonunkhira adyo ndi sopo wa kuchipatala. Anandipeza okha m'fodyamo, nsapato zili matope okhaokha. Sanandikalipire. Anakhala pamzere n'kuyamba kundisimbira za agogo awo aamuna, m'Chichewa chawo chokhotakhota chija.

Agogowo anabadwira m'banja lachifumu, m'chinyumba chamiyala pakati pa minda ya mphesa. Anaphunzira zamalamulo, analowa m'nyumba ya malamulo akadali mnyamata, kenako mfumu ya dzikolo inawapatsa unduna woona za misewu ndi madzi. Anamanga milatho. Anadana ndi olemera anzawo chifukwa chofuna kuti madzi a m'madamu azifikanso m'minda ya amphawi. Anachotsedwa, anabwezeredwa, anachotsedwanso. Mfumu itathawa m'dziko, nawonso anawoloka malire ndi sutikesi imodzi. Anabwerera atakalamba, chinyumba chija chili m'manja mwa ena, n'kumalima anyezi kuseri kwa kanyumba ka lendi.

"Koma m'mawa uliwonse ankameta ndevu n'kupita kumsika," anatero Asisitere. "Moni kwa aliyense, ngakhale owatukwana. Pa sewero lotsekera sukulu, iwe ndiwe agogo anga."

Tsikulo anandiveka katani yofiira ya m'tchalitchi. Mamendulo anali zitsekerero za mabotolo. Ndevu zapamlomo zinali ubweya wa tonde womatidwa ndi phala la chinangwa, ndipo fungo lake linkandifika mpaka m'mimba. Asisitere anali atapita okha kwathu kukaitana bambo. Ndinawaona ataima kumbuyo kwa khamu, chipewa chitaphimba maso.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinatsegulira mlatho wa mabenchi, anthu anaomba m'manja. Koma pamene mnzanga wosewera ngati msilikali anayamba kundithothola mamendulo, wina m'khamu anafuula kuti, "Tcheya!" Mitu yonse inatembenukira kwa bambo. Ndinayetsemula, ndevu zinapendekera mbali imodzi, ndipo mawu onse amene ndinaloweza anathawa.

"Moni! Kapereke moni!" ananong'ona Asisitere kuseri kwa nsalu, kunong'ona komveka mpaka kuchigayo.

Ndinanyamula lichero la anyezi n'kutsika pansanja. Ndinayamba kupereka moni kwa mmodzimmodzi, katani ikukokera fumbi. Aphunzitsi anayankha. Amayi a pamsika anayankha akuseka. Yemwe anafuula uja anayang'ana pansi, koma nayenso anayankha. Mapeto ake ndinapezeka ndaima pamaso pa bambo anga.

Anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Tadzuka bwino, bwana nduna," anatero. "Nanga anyeziyu mukuchita bwanji mulu?"

Anthu anaseka mpaka misozi, koma sikunali kuseka kwa pamsika kuja. M'mawa mwake ndinamva lezala likukwecha kuseri kwa nyumba. Bambo anapita kumsika. Ena sanawayankhe moni, ena anayankha, ndipo ine sindinalowenso m'munda wa fodya.

Masiku ano munthu akagwa paudindo amakuwizidwa pafoni. Timazionera kuchipinda kwathu ku Rawdat Al Khail tikamaliza shifiti, aliyense pabedi pake, wina n'kuti, "Khalas, ameneyu watha basi." Pafonipo palibe bwalo loti wakugwayo angadutsemo n'kuyang'ana anthu m'maso. Ine sindikuwiza nawo, podziwa kuti kunyumba kwake kuli mwana amene mawa akuyenera kupita kusukulu.

Dzina la nduna ija ndinaliiwala, linali lalitali ngati sitima ya katundu. Ku Spain sindinapondeko. Koma ndimayamika kuti mdzukulu wake sanabise kugwa kwa banja lake, anatibwereka kuti tidzukirepo. Asisitere anamwalira ndili ku sekondale, ndipo anaikidwa pamishoni pompo. Bambo anga anali mmodzi mwa onyamula bokosi. Anthu anayesa kuwalandira kangapo panjira, koma anakana mpaka kumanda.