Masitepe makumi anayi a Abambo Greenwell

Mayi Beatrice ankayanika zovala kuseri kwa nyumba yawo ku Area 23 pamene anamva amuna awo akuuza odzazonda matenda kuti pa ukwati wa mwana wawo Sungeni adzamulowetsa okha m'tchalitchi, ndi miyendo yawo, opanda ndodo. Mayiwo anangopitiriza kufinya malaya. Wolankhulayo, m'mawa womwewo, anali atachita kunyamulidwa ndi anthu awiri popita kuchimbudzi.

Abambo Greenwell anagwira ukalaliki m'boma zaka makumi atatu. Ankakhulupirira kuti munthu wolemekezeka sayenda pansi, satuluka thukuta, ndipo tiyi wake amafuna masupuni anayi a shuga. BP inawapirira mpaka tsiku lina inawagwetsa pakhonde, mbali yakumanzere n'kuuma. Kuchipatala anawauza kuti azichita zolimbitsa thupi tsiku lililonse. Iwo anati si mwana wasukulu.

Ukwati unatsala miyezi isanu. Iwo akalephera, wolowetsa mkwatibwi akanakhala mng'ono wawo Rodney wa ku Kawale, amene anali atasoketsa kale suti.

Tsiku lina Sungeni anaonetsa amayi ake kanema pafoni: agogo a ku Thailand, imvi zili mbuu, atandanda pabwalo m'mamawa, akukweza manja ndi kupinda mawondo pang'onopang'ono. Abambo anasuzumira n'kunena kuti anthuwo akusowa chochita.

M'mawa mwake Mayi Beatrice anaitana Mayi Karima, oyandikana nawo odandaula mawondo, n'kuyamba kutsanzira kanemayo kutsogolo kwenikweni kwa mpando wa abambo. Ankalakwitsa dala. A mu kanema akapita kumanja, iwo kumanzere.

Abambo anapirira masiku awiri basi.

"Kodi inu amayi, maso muli nawo? Limayamba ndi dzanja lamanja."

"Ife mitu ndi youma, abambo. Tationetsani."

Anawaonetsa ali chikhalire. Patatha sabata anaona kuti ophunzirawo sakumvabe, choncho anaimirira atagwira chipilala cha khonde. Anagwa kawiri. Ulendo wachiwiri anang'ambika pachipumi, n'kunena kuti simenti ya masiku ano ndi yoterera. Tsiku limenelo Mayi Beatrice anakalirira kubafa, anasukusula, n'kubwera kudzalakwitsanso.

Okalamba ena anayamba kufika: wina wa shuga, wina wa msana, winanso wongosowa wocheza naye chimwalirire cha mkazi wake. Atakwana khumi ndi awiri, Abambo Greenwell anadzisankha kukhala tcheyamani popanda wopikisana nawo.

Kuchoka pakhomo la tchalitchi kukafika kuguwa panali mtunda wa masitepe makumi anayi. Pa tsiku la ukwati mwendo wamanzere wa abambo unkakoka, ndipo kwaya inabwereza nyimbo katatu. Ali pakati anaima, thukuta lili kamukamu, Sungeni atawagwira mkono. Rodney ananyamuka pabenchi akukonza jekete. Mayi Beatrice anatseka maso.

"Khala pansi, Rodney," anatero abambo. "Sutiyo taiona."

Anaponya mwendo, n'kuponyanso, mpaka anakapereka mwana wawo m'manja mwa mkwati.

Kumadyerero anauza anthu kuti pakadapanda iwo, bwenzi amayi a m'dera lawo akuyendera ndodo. Mayi Beatrice anagwedeza mutu movomereza, uku akuwasunthira kutali botolo la chakumwa chotsekemera.

Inu amene thupi layamba kukukanirani, kapena mukusamalira wodwala wamakani, musafulumire kutaya mtima. Yambirani pampando pomwe mwakhalapo, lero lomwe, ngakhale ndi dzanja limodzi.