Tsiku Limene Ndinagwira Manja a Esinati

Ndinaganiza zopita ku Walale kukafuna ntchito chaka chimene boma la Chitaganya linayamba. Mtedza unali utawolera m'munda chifukwa cha mvula, msonkho unkandidikira, ndipo mkazi wanga anali ndi nsalu imodzi yokha, yoti akaichapa ankakhala m'nyumba mpaka iume. Ndinali mkamwini kwao kwa mkaziyo, kufupi ndi Sinda. Tsiku lina mlamu wanga Lufeyo, mlongo wake wa mkazi wanga, anandipeza ndikusema mpini nati, "Alamu, amuna anzanu ali ku Walale. Inu pano mukudikira chiyani?" Sabata yotsatira ndinamanga kamtolo kanga. Mwana wathu, Esinati, anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamusiya akulira pa mphambano ya njira yopita ku Katete.

Ine ndi anzanga a paulendo tinadutsa kwa Apwitikizi, tinawoloka Zambezi, ndipo ndinayamba ndi ntchito ya m'mafamu a fodya. Patapita zaka ziwiri ndinapeza ntchito m'tauni, pa sukulu ya ana aang'ono a azungu. Ndinkatchetcha kapinga, kuthirira maluwa ndi kunyamula mipando. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo makasu. Anthu kwathu amaganiza kuti chopweteka kunja ndi ntchito. Ine chinkandipweteka chinali Lamulungu masana, sukulu ili zii, wopanda womuuza ngakhale kuti mutu ukuwawa.

Ndalama ndinkatumiza ndi aliyense wopita kumudzi, pamodzi ndi nsalu, sopo ndi madiresi amene ndinkangoyerekeza msinkhu wake. Makalata oyamba ankalemba ndi aphunzitsi a pa sukulu ya mishoni, ndipo onse ankanena za njala ndi za denga lodontha. Kenaka inabwera kalata ya zilembo zokhotakhota: "Atate, ndine Esinati. Ndalemba ndekha. Mubwera liti?" Ndinaiwerenga mpaka pepala linang'ambika m'mapindiro.

Pa sukulu ya azunguyo panali mwambo wina chaka chikamatha. Abambo ankabwera atavala majekete, ana awo aakazi atavala madiresi oyera, mayi wina akuliza piyano, bambo aliyense n'kumavina ndi mwana wake. Ine ndinkaima panja pa zenera kudikira kuti ndichotse mipando. Panali bwana wina amene ankandikalipira tsiku lililonse akabwera kudzatenga mwana wake. Tsiku limenelo ndinamuona atawerama, kamwana kake kataponda pa nsapato zake, onse awiri akuseka. Ndinachita nsanje mpaka malovu anawawa. Ndikukumbukanso kamtsikana kena kamene bambo ake anamwalira. Kanakhala kukhoma kokha, kakuluma zikhadabo. Ndinakaona, koma sindinaganizepo kanthu. Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: ndikadzapita kwathu, nanenso ndidzavina ndi mwana wanga anthu akuona.

Lero ndine nkhalamba, ndipo achinyamata akandifunsa za ku Walale amafuna kumva za magetsi ndi za sitima. Ndimawauza. Za zenera lija sindiwauza.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi ziwiri, ndi njinga, sutikesi ndi mabulangete. Anthu anandilandira ndi nthungululu. Lufeyo ndiye anatsegula sutikesi, n'kumagawa kuti ichi cha uyu, ichi cha uyu. Ndinafunsa kuti, "Nanga Esinati ali kuti?" Mkazi wanga analoza kumapeto kwa bwalo. Kumeneko kunagwada mtsikana wamtali, maso ali pansi, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Mwayenda bwanji, atate?" Ndinati, "Sendera kuno, mwanawe." Sanasendere. Ndinkayesa manyazi chabe, oti adzatha tikazolowerana.

Patangopita masabata awiri sukulu ya Esinati inatsekera. Makolo tinaitanidwa. Amuna tinakhala pa mabenchi pansi pa mtengo wa mango, amayi pansi mbali ina. Ndinavala jekete langa la ku Walale. Aphunzitsi anawerenga mayina a okhoza mayeso, ndipo Esinati anali wachiwiri m'kalasi mwake. Kenaka atsikana anapanga bwalo n'kuyamba chitelele, akuimba ndi kuwomba m'manja. Pamene Esinati analowa pakati, sindinafunse munthu. Ndinadzuka, ndinapatula atsikanawo, ndinamugwira manja onse awiri n'kuyamba kumuzungulitsa monga ndinkaonera pa zenera paja.

Nyimbo inaduka. Manja a mwanayo anazizira m'manja mwanga. Sanavine, sanathawe, anangoima, misozi ikutsika. Mayi wina wachikulire anafuula kuti, "Kalanga ine! Mwana wamkulu!" Lufeyo anafika n'kundigwira pa chigongono. "Alamu, musiyeni mwanayo. Tsopano lino."

Sindinkadziwa kuti Esinati anali atangotha msinkhu mwezi womwewo, ndipo amayi anali atamulangiza kale kuti asayandikirenso bambo ake. Zotere mwamuna sauzidwa, amangozindikira yekha poona mmene mwana akukhalira patali. Ine ndinalibe pozindikirira. Ndinasiya kamwana kolira pa mphambano, ndipo m'mutu mwanga sikanakule.

Mawa lake aphunzitsi anandiitana. Anali munthu wofatsa, sanandikalipire. Ndinawafotokozera za sukulu ya azungu, ndinati, "Kodi n'kulakwa bambo kukondwera ndi mwana wake?" Iwo anati, "Kukondwera si kulakwa. Koma munawaona ana ena aja? Ambiri abambo awo ali ku migodi, ena ndi matchona, sadzabweranso. Dzulo atatu analira, osati chifukwa cha mwambo ayi. Ana a azungu anuwo abambo awo amagona pakhomo. Ife kuno tikayamba gule wa abambo, avina ndi ndani?" Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kamtsikana koluma zikhadabo kaja.

Zikanathera pomwepo ndikanapirira. Koma pachitsime nkhani inasanduka ina. Anayamba kunena kuti njinga ndi mabulangete sizinabwere ndi thukuta, ndinatenga mankhwala olemeretsa ku Walale, ndipo sing'anga anandiuza kuti chizimba chake ndi mwana wanga. Anthu omwewo amene anafunda mabulangete anga ndiwo ankanena zimenezi. Mkazi wanga anandifunsa tili kumunda, osandiyang'ana: "Atate ake Esinati, ndiuzeni zoona. Kumeneko munapita kwa sing'anga?" Ndinaponya khasu pansi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikudya nyemba zopanda mafuta kuti iwo avale, funso lake n'kukhala limenelo.

Lufeyo anaitana abale ake, ine osandiitana. Madzulo dzuwa lisanalowe anabwera kudzandiuza zimene anagwirizana: Esinati apite kwa amayi ake aakulu ku Vubwi, kutali ndi pakamwa pa anthu. Ndinati, "Nanga sukulu? Mwanayu ndi wachiwiri m'kalasi." Iye anati, "Sukulu yakwana. Kumeneko amuvinira, akapezeka mwamuna akwatiwe." Ndinati, "Ndine bambo ake." Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana. "Alamu, munabereka, inde. Koma mbumba ndi yanga. Inu munabwera kudzakwatira."

Tsiku lonyamuka, Esinati anabwera kudzatsazika. Anagwada patali, kamtolo kali pambali. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, sindinafune kukuchititsa manyazi." Anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Kenaka anati, "Atate, ndinali nditauza anzanga onse kuti atate anga abwera, akhala pa benchi yakutsogolo atavala jekete. Ndinakuonani. Mukanangokhala pomwepo."

Sanabwererenso ku sukulu. Anakwatiwa ku Vubwi komweko chaka chachiwiri, ndipo lero ali ndi zidzukulu. Akabwera kudzandiona amanditengera ufa ndi nkhuku, amakhala patali monga mwa ulemu, timakamba za mvula ndi za matenda. Za tsiku lija sitinakambepo.

Kodi ndinalakwa? Kwa mwanayo ndinalakwa, chifukwa sindinamufunse, ndinangotenga chinthu cha eni ake n'kumusenzetsa pamaso pa anthu. Zimenezo ndimavomera. Chimene sindinakhululuke ndi china. Pa zaka zonse zija panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndalama za mkamwini n'zodetsedwa, kapena kuti ndisamusamale mwanayo poti si wa mtundu wanga. Ankalandira ndi manja awiri. Ndinabwerera ndikuganiza kuti pamudzi paja akusunga malo anga, koma ndinapeza kuti ankandikonda bwino ndili kutali, ndikufika m'maphukusi. Ndinakhalabe pamudzipo mpaka mkazi wanga anamwalira. Maliro atangotha, ana a Lufeyo anandifunsa mwaulemu ndithu kuti ndinyamuka liti kupita kwathu.