Jesinta, Wogwira Phazi Lakumanja

Jesinta Kadzuwa anabadwira ku Lobi, m'banja lolima chimanga ndi nyemba. Anali wamtali, wamapewa otambalala, ndipo asanamalize pulayimale ankasenza kale thumba la nyemba kukwera nalo chitunda osapumira. Atasankhidwira ku sekondale ku Dedza Boma, anakakhala kwa azakhali ake, a Rozina, omwe anali anamwino.

Pasukulupo panali gulu la atsikana lochemerera timu ya mpira. Aphunzitsi a zamasewero, a Timoteyo, anali ataonera pa foni magulu akunja omwe amanyamulana m'mwamba, ndipo anayamba kuphunzitsa atsikana awo zomwezo. Jesinta analowa gululo akufuna kukhala wapamwamba, uja aliyense amamuombera m'manja. A Timoteyo anangomuyang'ana kamodzi.

"Iwe ukhala pansi," anatero.

Madzulo anakadandaula kwa azakhali ake. Iwo anaseka. "Nanga akunyamule ndani, mwana wanga, ndi msinkhu wakowu?"

Ntchito ya wapansi anaiphunzira pang'onopang'ono. Apansi amakhala awiri, atayang'anizana, aliyense atagwira phazi limodzi la wapamwamba. Wachitatu amaima kumbuyo, kugwira m'chiuno pokweza, ndiye amawerenga mokweza mawu kuti onse anyamule limodzi. Mphamvu imachokera m'miyendo, msana uli chilili. Maso sachoka pa munthu amene mwamunyamula, ngakhale chigoli chitalowa. Jesinta ankagwira phazi lakumanja, mnzake Anjelina lakumanzere. Wapamwamba wawo anali Faith, kamtsikana kopepuka ka ku Linthipe, kolongolola kwambiri.

Ali Fomu 3, Jesinta ndi Faith anayambana. Tsiku lina m'kalasi, anyamata akumva, Faith analoza Jesinta n'kunena kuti, "Uyu ndi bulu wanga, amandisenza." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo Jesinta anasiya kumulankhula. Kokonzekera ankabwerabe, n'kugwira phazi lija ali duu. Faith anayamba kuchita mantha. Anapempha a Timoteyo kuti amupatse wapansi wina, koma iwo anakana, poti panalibe wina wofanana msinkhu ndi Anjelina.

Mu Juni kunabwera timu ya sukulu ina. Kunali kozizira, kukuwaza mvula yamawawa, udzu utanyowa. Pa nthawi yopumulira atsikana analowa m'bwalo. Anamukweza Faith kufika pamapewa, kenako anawongola manja. Nsapato yake yakumanzere inali ndi matope, ndipo inapulumuka m'manja mwa Anjelina. Faith anapendekera kutsogolo, kumene wakumbuyo sakanatha kufikako. Jesinta anasiya phazi n'kudziponya pansi pake, manja atatambasula. Anagwera limodzi pa udzu, Faith pamwamba. Chigongono cha Faith chinamumenya pakamwa, dzino lakutsogolo n'kubenthuka.

Faith anadzuka wopanda bala. Anaona magazi pa malaya a mnzake n'kuyamba kulira.

"Ndimayesa undisiya ndigwe," anatero.

"Ukanathyoka khosi," anayankha Jesinta, akulavula magazi. "Koma zija unanena m'kalasi sindinaziiwale."

Faith anapepesa mawa lake, pamaso pa kalasi yomwe ija. Sanakhale mabwenzi apamtima, koma ananyamulana mpaka kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo ngozi ina sinachitikenso. Faith tsopano ndi kalaliki ku Lilongwe. Akamapita kwawo pa Khirisimasi amamuimbira foni Jesinta, n'kucheza pang'ono.

Jesinta anachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo anamutumiza ku pulayimale ina kufupi ndi kwawo. Anakwatiwa ndi kalipentala, a Stefano, ndipo ali ndi ana awiri. Dzino lija silinakonzedwe. Lachitatu lililonse ana akaweruka, amaphunzitsa atsikana a Sitandade 7 ndi 8 kunyamulana kuseri kwa tchalitchi. Matiresi alibe, choncho amayala matumba odzaza makoko a chimanga, omwe amuna ake anawasoka pamodzi. Mwezi woyamba wonse salola aliyense kukwera kupitirira m'chiuno. Makolo ena anadandaula kwa ahedi kuti ana awo avulala, ndipo awiri anawaletseratu. Otsalawo akukonzekera kukaonetsa pa tsiku lotsekera sukulu, ngati ahedi avomere.