Mafunde a Torakichi

Tsiku lomwe Torakichi adalephera kachitatu mayeso a oyendetsa ndege, adabwerera kudoko atawerama, osayankha moni wa aliyense. Masamu adamukana. Sukulu adaisiyira panjira bambo ake atamira ndi bwato lawo la usodzi, ndipo kuyambira pamenepo nyanja ndiyo idamulera.

Asilikali apanyanja adamupatsa ntchito yoyendetsa kabwato ka injini kokokera ndege yawo yatsopano. Ndegeyo inali yoyesera chabe, mimba ngati ya bwato, yonyamukira pamadzi. Adaipanga kuti izilondera nyanja kutali, tsiku lonse osatera.

"Akaputeni, lero muuluka mpaka kuti?" anzake ankamuseka.

"Mpaka pomwe pathere chingwechi," iye ankatero. Ankaseka nawo, koma mumtima munkawawa.

Ndegeyo nayonso inali ndi tsoka lake. Akaithira mafuta a ulendo wautali inkangolima madzi osadzuka. Akatswiri adasintha izi ndi izo, koma ayi ndithu. Miyezi isanu ndi iwiri Torakichi ankaikoka m'mawa uliwonse, maso ali pamimba pake. Adaona kuti kukakhala timafunde inkapepuka, nyanja ikagona inkakakamira.

Akuluakulu adatopa. Adalamula kuti ikalephera Loweruka aiphwasule, ndipo onse oigwirira ntchito azipita kwawo. Torakichi analibe kwina kolowera.

Lowerukalo kudacha kopanda ndi kamphepo komwe, akatswiri nasangalala kuti nyengo yawakomera. Ndege idathamanga kawiri, kawiri konse idakanika. Apo Torakichi adavula chipewa n'kuyandikira a Kuwabara, mkulu amene adajambula mapulani a ndegeyo.

"Bwana, madzi ogona amagwira bwato ngati ulimbo. Msodzi aliyense amadziwa zimenezi. Ndiloleni ndiwadzutse."

"Si iwe uja wa mayeso?"

"Ndine ndemwe, bwana. Koma zamadzi sindidalepherepo."

A Kuwabara adamvetsa zomwe Torakichi ankafuna kuchita. Kudutsa kutsogolo kwa ndege yoti inyamuke kunali koletsedwa, ndipo kukadalakwika onse awiri akadaona zakuda.

"Pita. Koma uchokepo msanga, ndilibe mawu okauza mayi ako."

Torakichi adathamangitsa kabwato kake mokhotakhota, kudula njira ya ndege uku ndi uku mpaka nyanja idachita makwinya. Atangopatuka, ndege idabwera ikubangula. Idagunda funde loyamba, idadumpha lachiwiri, ndipo pa lachitatu madzi adaitaya. Anthu kudoko adakuwa, zipewa zili m'mwamba. Torakichi adazimitsa injini, adakhala pansi m'kabwato muja n'kulira ngati mwana.

Chiwongolero cha ndege sadachigwirepo moyo wake wonse. Koma adakhala mkulu wa mabwato onse apadokopo, ndipo woyendetsa ndege aliyense watsopano ankayamba wakhala masiku atatu m'kabwato kake, kuphunzira kuwerenga madzi.

Inu amene pepala la mayeso lakukanani, pepalalo silidziwa zonse zomwe mumadziwa. Gwirani ntchito yomwe ili m'manja mwanuyo, maso ali tcheru, ndipo nthawi yoyankhula ikakwana musameze mawu. Osataya mtima.