Beseni Lobadwira Pansi pa Lole

Mafuta a ng'ombe akangoyamba kusungunuka pamoto, mphuno imandibwezera ku Mzimba, kuseri kwa msika, kumene agogo ena, sekuru Nyirenda, ankasulira zitsulo pansi pa lole yakufa yokhazikidwa pa zitsa, utsi wa makala ukuwazungulira, nyundo ikulira ngwe ngwe mpaka nkhuku zinasiya kudzidzimuka nayo. Tinali oyandikana nyumba. Kwawo kunali ku Manyamula. Ife tinachokera ku Dedza, bambo atatumizidwa kudzagwira ntchito pa boma. Anali masiku aja munthu unkayamba wacheuka usanalankhule, koma ine kucheukako ndinachita kubadwa nako.

Mayi anali oyembekezera, masiku atayandikira, beseni losambitsira khanda panyumba palibe. Amalume, amene ankacheka matabwa ku Chikangawa, anatibweretsera lata la aluminiyamu, limodzi lokha basi. Sekuru anati atiumbira beseni, koma tiwapatse kambale ka mafuta a ng'ombe. Ndinakapereka ndine, ndipo sindinachokepo. Mmisiri wanji wopempha ndiwo?

"Akapitawo afika!" anatero akuseka. "Khalani apo, mwana wane, muziyang'anira zala zangazi, zingabe."

Analidula lata mozungulira, naliwamba pamoto kuti lifewe. Litazizira analigoneka pa limu ya tayala la lole, nalipanikiza m'mphepete ndi mkombero wachitsulo wa mabawuti. Pakati anakhazika chipika chosema mobulungira, pamwamba pa chipikacho jeke, mutu wa jekeyo utagunda mimba ya lole. Koma asanamange mabawutiwo ndinaona chinthu. Anaviika nthenga m'mafuta aja, napaka m'mphepete mwa lata ndi pakamwa pa limu. Pakati, pokhala chipika, anapukuta ndi nsanza kuti paume. Kambale anakakankhira kuseri kwa tayala lakale, mafuta akadalimo.

"Sekuru, simunapake ponse," ndinatero. "Otsalawo mukufuna kudya."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana uyu ngwakofya chomene, ngwoopsa ndithu! Tamverani, akapitawo. M'mphepetemu ndi mmene muchokere khoma la beseni, ndiye muziterera, latalo lizilowa lokha m'dzenje. Koma pakatipa pagwirane ndi chipika. Ndikapakapo, mbwenu lata lithawa pansi pa chipika, lipyapyala, phulu! Mng'ono wanu mudzamusambitsira m'sefa."

Sindinakhulupirire. Anayamba kupopa jeke pang'onopang'ono, lole ikubuula, dzimbiri likutiwaza kumutu, chipika chikumira. Posakhalitsa m'mphepete munayamba kutukuka makwinya.

"Ehe, lafuna kufanana ndi nkhope yanga," anatero, namangitsa mabawuti ndi sipanala. Makwinya anagona. Atapopanso, latalo linalira kuti tswii, ngati khoswe wopanidwa pachitseko. Ndinaganiza za mayi akupuma movutikira pamkeka, ndi lata lina lomwe kunalibe.

Sekuru anachotsa dzanja pa jeke. Kuseka kunatha. Anatsamiritsa khutu, nasisita khoma la latalo ndi chala, kenaka anamasula bawuti imodzi pang'ono chabe, nakoka kambale kaja, nalowetsa nthenga mbali imene kunkachokera kulirako.

"Ukamanga kwambiri ling'ambika, ukalekerera lichita makwinya," ananong'ona. "Chitsulo sachikakamiza, amachiperekeza."

Jeke inayendanso, ndipo latalo linatsetsereka mwakachetechete ngati phala. Atamasula zonse, m'limu munatuluka beseni lonyezimira. Ndinalilanda, ndinaliloza kudzuwa kufuna bowo, ndinathiramo madzi, ndinadikira. Dontho silinagwe. Sekuru anaimirira n'kuponda ingoma pomwepo, sipanala ili m'mwamba ngati chibonga, azimayi ogulitsa tomato akululutira.

Ndikunyamuka ndinacheuka, monga mwa khalidwe langa. Ndinawapeza atakumba chinangwa paphulusa, akuchiviika m'kambale kaja.

"Ndinanena ine!" ndinakuwa.

"Yewo, akapitawo," anayankha, pakamwa pali noninoni. "Chitsulo chakhuta. Mmisiri nayenso asachite dzimbiri."

Mng'ono wanga anasambira m'beseni limenelo sabata yotsatira. Ana anga anasambiramo, adzukulu anganso. Sindibwereketsa, ngakhale kwa mpongozi wanga, ndipo anthu amati ndine wovuta. Anene. Pa moyo wanga ndaona munthu mmodzi yekha amene anandiuza zoona uku akundidyera mafuta. Mpaka lero, ndisanathiremo madzi, ndimayamba ndaliloza kudzuwa. Bowo lija sindinalipezebe.