Nyimbo ya Mayi a Nilza

A Felizardo ankasoka nsapato pamsika wa Furancungo, pakhonde la kanyumba ka malata ka Mcdonald. Anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ali ndi singano ya nsapato m'thumba ndi mawu okoma pakhosi, basi. Kutchalitchi ankayimbitsa kwaya, ndipo mbiri yawo inafika mpaka ku Chidzolomondo kuti munthuyu amapeka nyimbo. Mkhristu wolimbikira akamwalira, pofika tsiku loika maliro kwaya inkakhala ndi nyimbo yakeyake, ndipo nyimboyo inkatchedwa dzina la malemuyo mpaka kalekale.

Tisawanamizire, mawu ankapekadi okha, mawu olasa mtima. Koma kayimbidwe kankachokera kuseri kwa khoma.

M'kanyumba muja Mcdonald anali ndi kanema ndi makina a masewero amene aliyense ankangoti jogo. Jogo yake inali ya kamunthu konyamula nyali kofunafuna kwawo, ndipo dera lililonse limene kankadutsa linali ndi nyimbo yake, kuphiri ina, kuphanga ina, kumtsinje ina. Zinali nyimbo zomata m'mutu ngati chisoso pa buluku. A Felizardo ankazimva tsiku lonse akusoka. Akatenga imodzi n'kuichedwetsa, n'kuiveka mawu a Mulungu, akuluakulu a mpingo ankangogwetsa misozi. Za pa wailesi sakanayerekeza kuba, poti zija amazidziwa ndi mwana yemwe. Mcdonald ankadziwa zonse, koma nsapato zake zinkasokedwa mwaulere, ndiye pakamwa pake panali potseka.

Koma chobwereka chimatha. Nyimbo za jogo ija zinapita imodziimodzi kumanda, ndipo yotsiriza, ya kumtsinje, yokoma kuposa zonse, inaperekeza a Rafael, katekisiti amene mpingo wonse unkawakonda.

Chaka chotsatira akazi a Felizardo, a Cristina, amene aliyense ankati mayi a Nilza, anadwala matenda a m'mimba osamva mankhwala. Anawonda mpaka chitenje kumazungulira katatu. Tsiku lina akuwothera dzuwa pamphasa anati, "Bambo a Nilza, mwaimbira anthu onse a m'mudzi muno. Ine musadzandiperekeze ndi nyimbo ya munthu wina. Ndikufuna yanga."

"Musalankhule choncho, mayi."

"Ndalankhula kale. Mwavomera?"

Anavomera. Akanatani? Mawu anabwera tsiku lomwelo, onena za manja amene anakumba mbatata ndi kumanganso mudzi pamabwinja. Koma kayimbidwe ayi. Anayesa kuimba mluzu kumunda, anayesa panjira, ndipo chilichonse chotuluka chinkakhotera ku nyimbo ya malemu uje kapena ya malemu uje. Mantha anawagwira, mantha enieni osowetsa njala.

Ndiye tsiku limene Mcdonald anatsika chapa, minibasi yochokera ku Tete, akukuwa kuti wabweretsa parte dois, gawo lachiwiri la jogo yomwe ija, a Felizardo anaona ngati Mulungu wayankha. Anasendeza mpando kufupi ndi khoma, khutu lili tcheru.

Anamva mphepo. Kenako madzi akudontha, mapazi a kamunthu kaja, ndi kulira kwina kotalika kosakwera kosatsika, ngati waya wa magetsi. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, nsapato ya mwini ili m'manja yosasokedwa, koma nyimbo sinabwere.

"Iwe Mcdonald, makina akowa afa?"

"Ali bwinobwino, a tio," anayankha Mcdonald, kuwatchula malume m'Chipwitikizi. "Ndi mmene akupangira masiku ano. Safuna kuti muziimba, akufuna muzimva ngati muli momwemo. Tamverani mphepoyo, simukumva kuzizira?"

"Nanga nyimbo yoti munthu sangaiimbire mluzu ndi nyimbo?"

"Yakale ija inali ya ana, tililili tsiku lonse. Iyi ndi ya akuluakulu."

Chowawa n'chakuti Mcdonald sankanama. Mphepo ija inkalowadi m'mafupa. Inawakumbutsa tsiku limene anafika kuchokera kothawa nkhondo n'kupeza mudzi wawo uli udzu wokhawokha, opanda ngakhale tambala wolira. Amene anapanga phokoso limenelo ankadziwa ntchito yake. Koma mphepo suiika mawu, ndipo kwaya singaiphunzire.

"Mwina nyimbo ili kumapeto," anatero Mcdonald atawaona nkhope.

Apo ndi pomwe msika unaona zachilendo: bambo wa imvi atakhala pabenchi ya jogo, zala zolimba ndi ulusi wa nsapato zikulimbana ndi timabatani. Kamunthu kawo kankagwera m'dzenje, n'kudzuka, n'kugweranso m'dzenje lomwelo. Amayi ogulitsa nyemba ankaseka kuti ukalamba wawayamba molakwika. Ena ankanong'ona kuti mkazi ali gone kunyumba, mwamuna ali pa masewero. Iwo ankamva, koma ankangopitiriza kudina timabatani.

Kunyumba mayi a Nilza ankafunsa, mawu akuchepera tsiku ndi tsiku, "Yafika pati?"

"Ikubwera."

"Pitani kumsika. Nyimbo zanu zimakupezani kumsika, ndinaona kale."

Sanadziwe ngati mkaziyo ankadziwa zambiri kuposa pamenepo, ndipo anaopa kufunsa.

Pomaliza Mcdonald anawamvera chisoni, n'kuwalanda timabatani tija kuti awafikitse kumapeto. Kamunthu kanafika kwawo, kanaika nyali pansi. Mphepo inaleka. Ndiye patalipatali panamveka kachidutswa ka nyimbo, ndipo a Felizardo anaimirira. Inali ya kumtsinje ija, ya a Rafael. Opanga jogo anangoikumbutsa pang'ono, n'kuimezanso mumphepo.

Mayi a Nilza anamwalira sabata yomweyo.

Wamasiye sayimbitsa kwaya, choncho m'mawa wa tsiku loika maliro Dinis, wothandiza a Felizardo pa kwaya, anawaitanira kuseri kwa nyumba kumene oimba anasonkhana. Onse ankadziwa za lonjezo lija, poti malemu anauza aliyense wobwera kudzawazonda.

"A mestre, aphunzitsi athu, pepani. Tiphunzitseni, tigwira msanga."

A Felizardo anakweza dzanja monga mwa masiku onse. Mawu onse anali pamlomo. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi kung'ung'udza kumodzi kotalika, kosakwera kosatsika. Oimba, pozolowera kuwatsatira, anayamba kung'ung'udza nawo, akudikira kuti nyimbo ikhote. Sinakhote. Mpweya unawathera, dzanja linagwa.

"Chisoni chawatsamwitsa," anatero mayi wina, ndipo onse anavomereza mwaulemu. Dinis anawagwira paphewa n'kuwabwezera pamphasa ya anamfedwa.

Bokosi litanyamulidwa, Dinis anasankha nyimbo yokoma kuposa zonse imene kwaya inali nayo, pofuna kulemekeza mkazi wa mphunzitsi wake. Anthu anaimba ndi mtima wonse njira yonse ya kumanda, ndipo analira kwambiri. A Felizardo ankayenda kumbuyo kwa bokosi, atagwiridwa mbali zonse, ndipo anamva amayi awiri akulankhula chapansipansi kumbuyo kwawo.

"Nyimbo iyi imandikumbutsa a Rafael."

"Inenso. Anali munthu wabwino, a Rafael."